Miyala ya Garos anaipaka laimu

Mkazi wanga Garos anaphunzitsa kalasi yachinayi pa pulayimale ya kwathu kuno ku Bukuru zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ine ndinkakumba kuza, mwala wakuda wolemera uja amasungunula n'kupangira zitini. Migodi itatsekedwa, Loweruka lililonse tinkazungulira maenje akale. Ine ndinkatchula dzina la mwala, iye ankalemba. Mwala uliwonse ankaudonthezera penti yoyera n'kulembapo nambala ndi inki. M'kope mwake, nambalayo inkanena dzina la mwala ndi dzenje limene tinautola. Inakwana 63. Ana ake a m'kalasi ankaikanda ndi msomali, kuikhwekhweza kuseri kwa mbale yosweka kuti aone mtundu wa mzere, kuiyeza kulemera m'manja.

Garos atamwalira, mlongo wake Choji, mphunzitsi wamkulu pasukulupo, anadzapempha miyalayo. Anati adzaiika m'kabati yagalasi, kiyi m'thumba mwake. Ndinakana kawiri. Kachitatu anati malemu sanaitolere kuti izigona pansi pa bedi. Ndinaikankha pa wilibala ndekha mpaka kusukulu. Kope ndinasunga.

Lachinayi lililonse ndinkapita kusukuluko. Kuphunzitsa sindidziwa. Ndinkangoika mwala m'dzanja la mwana n'kudikira.

Lachinayi lina, nyengo ya fumbi, ndinapeza bwalo losesedwa, ana ali pamzere. Kunkabwera akuluakulu a maphunziro. Njira yochokera pageti anaiikira miyala uku ndi uku, yoyera mbee ndi laimu. Ndinalowa m'kalasi. M'kabati munali zikho za mpira.

Ndinabwerera kunjira kuja n'kunyamula umodzi. Dzanja linaudziwa. Kuza.

Choji anafika ali mu jekete, akuseka. Anati miyala ya kumunda inaperewera, ndiye anangobwereka ya m'kabati tsiku limodzi.

"Alamu, musakwinye nkhope, mwala suvulala. Mvula ikagwa ichapa."

"Manambala," ndinatero.

"Manambala a chiyani? Inu mumaidziwa mutatsinzina. Mumacheza nayo kuposa anthu."

Ndinakanda ndi chikhadabo. Kadontho ka penti kanalipo, koma laimu anali atadya inki.

Ndinagwada n'kuyamba kuzula. Choji anandigwira mkono, kuseka kutatha.

"Osati pano. Pano ndine ahedi, ulamu tikaupezera kunyumba. Galimoto zili pafupi."

Ndinachotsa mkono wanga. Miyala ya Garos anaisakaniza ndi ya kumunda, yonse yofanana kuyera, choncho ndinayenera kunyamula uliwonse, kuuyeza, kuukanda. Galimoto zinalowa ndili chigwadire, ana akuimba. Mlendo wina wamagalasi anafunsa ngati ndine wosamalira maluwa. Choji anavomera. Ndinamva ndi makutu anga.

Ndinapeza 58. Ina isanu sindidziwa kumene inapita.

Kunyumba ndinaitsuka ndi madzi okha, pang'onopang'ono. Manambala anawerengeka pa isanu ndi iwiri, imene kadontho kake kanayang'ana pansi. Maina ndikuwadziwa, Choji sananame pamenepo. Koma kuza ndili naye zidutswa khumi ndi chimodzi, zakuda chimodzimodzi. Chimodzi mwa izo Garos anachitola yekha, osandifunsa, n'kutchula dzina molondola koyamba. Kope likuti nambala 19. Ndaziyala patebulo, ndazitembenuza masiku atatu. Sindikuchizindikira.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, Choji anabwera ndi beseni la ufa wa acha, timbewu tating'ono ta kwathu kuno, lochokera kwa mkazi wake. Anaodira pakhomo monga kale. Ndinamutulutsira mpando. Analankhula za alendo aja, kuti anayamikira ukhondo, kuti mwina atipatsa denga latsopano. Kenako anati kabati waikhuthula, zikho wachotsa, ndipo ana akufunsa ngati ndibwera Lachinayi.

"Mwati bwanji, alamu?"

"Sindibwera, ahedi."

Anadikira kuti ndiseke. Anadikira nthawi yaitali, beseni lili pamiyendo.