Amene Ankaona Mpheta

Kalata yochokera ku situdiyo ina ya ku Blantyre inafika mu Ogasiti 1999, ndipo inatsala pang'ono kuphwasula bandi yathu. Pachikuto cha kaseti yathu yoyamba ankafuna kulembapo dzina la wopeka nyimbo, ndiye anatumiza fomu. Mzere wake unali umodzi, waufupi, wosakwana mayina awiri.

Ine sindinaone chovuta. Dzina linali langa, Malumbo, mphunzitsi wa Sitandade 7 wochokera ku Rumphi. Ndine ndinabwera ku Phalombe ndi gitala komanso makaseti atatu a roko ija amaitcha pulogiresivu, imene nyimbo imodzi imatenga mphindi makumi awiri ikusinthasintha mayendedwe, mpaka wovina kukhala pansi n'kuyamba kulingalira za moyo wake. Ndine ndinapatsa bandi dzina loti Ziphaliwali za Chilwa. Ndisabise, mzere umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudya choko, ndinkafuna chinthu chimodzi choti anthu aloze n'kunena kuti ichi anapanga ndi Malumbo.

Tinalipo atatu. A Makina, mlimi wa mpunga, ankaimba ng'oma, luso lomwe anakula nalo ku gule wa tchopa. A Perpetua Sitima, namwino wa pachipatala china cha mishoni, ankaimba kiyibodi yaing'ono ya mabatire, ndipo mawu awo ankawasunga ngati mankhwala osowa.

Nditawawerengera kalatayo, a Makina anati, "Aphunzitsi, lembani Makina. Nyimbo zimenezi zinabadwira m'munda mwanga."

Apa pokha sankanama. Ahedi anatithamangitsa kusukulu chifukwa cha phokoso, ndipo a Makina sakanasiya munda mpunga ukucha. Choncho Loweruka lililonse masana tinkakweza ng'oma, gitala ndi batire ya galimoto panjinga, n'kukayeserera pachulu cha m'mphepete mwa dambo la Chilwa. Kuphazi kwawo a Makina ankamangako chingwe cha zitini choingitsira mbalame, chodutsa munda wonse. Vuto linali loti iwo amaimba ng'oma atatsinzina, ine maso sachoka pazala zanga. Ntchito yoyang'ana mpheta inagwera a Perpetua.

Akati "kumanzere," a Makina ankathamangitsa ng'oma, zitini zikusokosera, ine n'kuthamangira pambuyo pawo. Akati "kunyanja," a Makina ankapotoloka n'kumenya ng'oma yaikulu modumphadumpha. Akati "zapita," tonse tinkafatsa, kiyibodi n'kutsala yokha ikulira pansipansi. Nyimbo zathu zinayi zinapsa motero. Ngakhale pamaso pa anthu, a Perpetua ankaitanabe mawu omwewo kuti tisasochere.

"Munda ndi wanu, bambo Makina, koma nzeru ndi zanga," ndinawayankha. "Musanamve makaseti anga, munkadziwa kuti nyimbo imatha kusintha kasanu ndi kawiri?"

"Makaseti anuwo anaingitsapo mbalame ndi imodzi yomwe?"

Popeza inali nthawi ya matipate, tinavota. Ine ndinapeza voti imodzi, a Makina voti imodzi. A Perpetua anati iwo ndi oyang'anira chisankho, savota. Ndiwo anabweretsa ganizo loti aliyense apeke nyimbo yatsopano payekha, tikaiyese tsiku la msika ku Jenala, iwo asakhudze kiyibodi.

Ndinagwira ntchito masabata awiri, mpaka makope a ana anaunjikana osachonga. Pamsikapo ndinayamba ine. Nyimbo inayenda bwino, inayendabe bwino, koma malo okhotera sindinawapeze. Posakhalitsa amayi ogulitsa matemba anadzuka n'kuyamba kuvina. Zaka zitatu Ziphaliwali zikuimba, palibe munthu anavinapo kupitirira mphindi imodzi, ndipo ife tinkanyadira zimenezo. Tsopano ngakhale wogulitsa mipini ya makasu ankatyola chiuno.

"Lero ndiye mwaimba, aphunzitsi," anatero mayi wina. "Zija zakale zija zinkatizunguza mutu."

Ndinachita manyazi ngati wandigwira ndikubera mayeso.

A Makina anaseka mpaka misozi, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa iwo mawalo linafika nthawi yomweyo. Anakhala pang'oma, n'kutsinzina, n'kuyamba. Mphindi khumi zinatha akumenya chimodzimodzi, khutu lili tcheru kudikira mawu amene sanabwere. Anthu anabwerera kumalonda awo mmodzimmodzi. Atatsegula maso anapeza ine, akazi awo a Rozaria, ndi mbuzi ya eni ake yomangidwa pamtengo.

Pobwerera tinkakankha njinga. Kenako a Makina anati, "Basi, aphunzitsi, tonse tagwa. Ndiye kuti opeka nyimbo ndi mpheta. Lembani mpheta."

A Rozaria, amene ankatitsatira ndi dengu pamutu, anaima. "Mpheta zake ziti?"

"Za m'munda mwathu, mayi."

"Inu abambo, mwalima mpunga zaka zingati? Mpheta zimadya m'mawa ndi madzulo. Dzuwa likakhala paliwombo zimabisala mu udzu wa njedza. Ine ndinkakhala tsidya lina la munda ndikukuonani. Anamwino akuti kumanzere, kumanzereko kuli mbee. Akuti kunyanja, kulibe ngakhale gulugufe. Ndinkangoti mwina ndi mmene zimayendera nyimbo za azungu."

A Makina anandiyang'ana, ine ndinayang'ana tcheni cha njinga. A Perpetua anali atatsogola kale, akuti ali ndi odwala.

Lolemba nditaweruka ndinapita kuchipatala. Ndinawapeza pakhonde akupachika mwana pasikelo, ndipo ndinadikira mpaka mzere utatha.

"Anamwino, mbalame zija kunalibe?"

"Zina zinaliko," anatero akulemba pakhadi. "Ziwiri kapena zitatu."

"Nanga zinazo?"

"Aphunzitsi, chaka choyamba ndinakuuzani kuti pakati pa nyimbo ija tifatse, kiyibodi itsale yokha. Mukukumbukira zimene munayankha? Munandifunsa kuti ndamvapo makaseti angati. A Makina anati ng'oma siuzidwa ndi munthu wobaya jakisoni. Ndiye ndinaona kuti mpheta zokha ndi zimene palibe amatsutsana nazo. Ndinkapeka kunyumba mkati mwa sabata, Loweruka n'kudzaziitana."

Ndinafuna kukana, koma funso la makaseti lija ndinalikumbukira bwino lomwe, ngakhale malaya amene ndinavala tsikulo.

"Bwanji simunanene pachisankho paja?"

"Kuti muvotere ine?" Anaseka pang'ono. "Fomu ili ndi inu. Lembani zimene mukudziwa. Wotsatira alowe."

Wotsatira panalibe, koma ndinamva kuti andithamangitsa.

Lachisanu ndinapalasa njinga kupita ku positi ofesi, fomu ili m'thumba la malaya, mzere uja usanalembedwe. Njira yonse ndinkadziteteza ngati loya. Gitala ndi yanga. Makaseti ndi anga. Dzina la bandi ndi langa. A Makina fomu sakanaiona, a Perpetua sakanadandaula, ndipo ku Blantyre palibe amene ankadziwa kuti mpheta zimadya nthawi yanji. Pakauntala ndinalemba M wamkulu, wokongola, wa mphunzitsi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka kalaliki anandifunsa ngati cholembera chatha inki.

Pa M yemweyo ndinapitiriza kuti Mayi Perpetua Sitima. Zinandipweteka, ndipo sindinama kuti ndinatuluka mopepukidwa mtima. Ndinapalasa ulendo wonse wobwerera ndili wokwiya, osadziwa wokwiyira.

Kaseti inatuluka mu Disembala. Dzina langa lili kuseri, m'zilembo zazing'ono, pambali pa mawu oti gitala. Ndinakawapatsira ndekha a Perpetua yawo, ndipo ndinaima pafupi kudikira kuti mwina anena kanthu kondisisita mtima. Anawerenga chikutocho kawiri, n'kupukuta magalasi awo ndi nsonga ya yunifolomu, n'kuwerenganso.

"Loweruka tiyamba nyimbo yachisanu," anatero. "Mpunga sunache, ndiye mbalame kulibe. Ndizingokuuzani ndekha pofunika kusintha. Mumva, aphunzitsi?"

Ndinati ndimva.