Makapu a Bambo M'nkhalango

"Kiyi ali ndi ine," anatero mlamu wa Mkulu, akupisa m'thumba.

Mkulu anachotsa dzanja pachitseko cha kachipinda kakuseri. Panali patangotha masiku anayi chiwaikireni bambo ake m'manda. Iyeyo, mwana woyamba, loya wam'tauni, anaima pambali kudikira kuti kalipentala amene anakwatira mlongo wake amutsegulire chipinda cha bambo ake omubereka.

"Anakupatsani liti?"

"Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Loko ameneyu ndinaika ndine."

M'katimo munkanunkha sipiriti ndi utuchi. Munali makabati atatu odzaza ndi timabotolo, m'kalikonse muli kangaude mmodzi ndi kapepala. Malemuwo anali mphunzitsi wa sayansi. Atapuma pantchito, chaka chilichonse nyengo yachisanu ikangotha, mitengo ikayamba kuphukira, ankalowa m'nkhalango kukatola akangaude. Ena ankawatumiza kwa akatswiri a kuyunivesite, ena nkusunga.

Mkulu anakoka dirowa imodzi. Zilembo zopendekeka za bambo ake anazizindikira pomwepo. Anakoka yachiwiri, yachitatu. M'menemo zilembo zinali zina, zikuluzikulu, zokhala ngati zolembedwa pathabwa.

"Maso anali atafooka," anatero kalipentala uja. "Bambo ankanena, ine nkumalemba."

Bambo. Osati apongozi. Mkulu anakankha dirowayo mwamphamvu mpaka timabotolo tinagundana.

Anawapeza amayi ake pabalaza, akupinda malaya a malemu pamodzi ndi mlongo wake.

"Makabati aja ndiwatenga," anatero. "Kunyumba kwanga kuli malo."

Amayi sanadzutse mutu. "Bambo ako anati akhale ndi mlamu wako."

"Analemba pati?"

"Kuno si kukhoti, mwanangu. Anandiuza ine."

"Ine ndinali wamoyo, amayi. Foni ndinali nayo."

"Anakuitana zaka zitatu zotsatizana. Unkati uli ndi milandu."

"Ndinali nayodi!"

"Ndiye palibe wolakwa," anatero amayi, akusalaza kolala ndi chikhatho.

Mlongo wake anaseka koyamba chichitikireni maliro. "Achimwene, inu amene munakwera patebulo chifukwa cha kangaude wam'bafa? Mpaka anzathu oyandikana nawo anabwera ndi zibonga, ati mwina kwalowa wakuba."

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

"Khumi ndi zisanu. Ndevu zinali zitayamba."

Kalipentala anaima pakhomo, akutembenuzatembenuza kiyi uja m'manja. "Amayi, mawa m'mawa ndipita kunkhalango. Sabata imene bambo anadwala tinakwirira makapu khumi ndi awiri otchera akangaude. Akapitiriza kukhala, tizilombo tizingogweramo nkumafa pachabe. Iwo sakanalola."

"Tipita limodzi," anatero Mkulu.

Onse anamuyang'ana kumapazi, kumene kunali nsapato zosongoka zakuofesi.

M'mawa mwake mame anali asanaume. Nthambi zinali zidakali pafupifupi mbee, koma kunsonga kunali timasamba tatsopano tofewa, ndipo pansi masamba akale ankanyowetsa masokosi. Kalipentala anali patsogolo, chikwama kumsana. Mkulu anayang'ana jombo zimene mlamu wakeyo anavala ndipo anazizindikira. Ndi iye amene anazigula, nazitumiza kwa bambo ake zili m'bokosi lake.

"Jombo zabwino."

"Zinawakulira. Koma anazikonda, ankazionetsa kwa aliyense."

"Kenako nkukupatsani."

"Eya."

Kalipentala sanayang'ane pepala lililonse lomusonyeza njira. Ankangokhota pamtengo wakuti, kudumpha kangalande, kugwada, nkukankha masamba, kapu nkuonekera, mlomo wake wofanana ndi nthaka. Ankatsanulira zam'kapumo pansalu yoyera, nkusankha akangaude ndi kaburashi. Dzenje lililonse ankalikwirira.

"Uyu ndi wothamanga, saluka ukonde. Nyengo ino ndi imene amatuluka, dzuwa likayamba kufunditsa masamba. Taonani maso ake."

Anamupatsa Mkulu galasi lokulitsa. Chogwirira chake chinali chitasalala ndi chala cha bambo ake. Sanaone maso alionse, anangoona kadontho kabulauni.

"Ndawaona," ananama.

Pa kapu yachisanu ndi chitatu anafunsa zimene zinkamudya kuyambira dzulo.

"Ankanena za ine muno?"

"Ankanena."

"Zotani?"

Kalipentala anatseka kabotolo, nalemba tsiku pakapepala. "Ankati mukanakhala katswiri kuposa tonsefe, chifukwa chinthu simuchisiya musanachipeze. Koma ati mumayenda mwaphokoso."

"Basi?"

"Basi. Kawirikawiri tinkangokhala chete, alamu. Mwina maola atatu osalankhulana."

Zimenezi ndi zimene zinamupweteka kwambiri. Iye ndi bambo ake sanakhalepo chete pamodzi ngakhale mphindi zisanu. Ankakambirana za nkhani zam'nyuzipepala, za galimoto, mpaka wina atapeza chifukwa chodzukira.

"Ndiye mwana wawo munali inu," anatero.

"Ine bambo wanga anamwalira ndili wakhanda. Anu anandipempha kabati imodzi, ndinabwera kudzayeza khoma, basi sindinachokenso. Sindinalande malo a munthu. Panalibe munthu."

Mkulu anapatuka panjira, akufuna kupeza kangaude wakewake, mmodzi yekha, woti pakapepala pake palembedwe ndi dzanja lake. Anaona chipika chowola, nachigubuduza ndi phazi. Tizilombo tinabalalika mbali zonse, ndipo asanawerame n'komwe panatsala dothi lonyowa lokha.

Kalipentala anachita tsinya ngati wamuponda chala. Anapita pa chipika china chapafupi, nagwada. Anavula chipewa, nagogoda katatu ndi chala.

"Odi, eni nyumba," anatero chapansipansi.

Anadikira pang'ono. Kenako anatukula mbali imodzi mwapang'onopang'ono. Pansipo panali kangaude wakuda atafungatira kathumba koyera ka mazira. Anamuyang'ana, nabwezeretsa chipikacho mmene chinalili.

"Simumutenga?"

"Wa mazira bambo sankatenga. Ndipo sankatukula chipika kapena mwala osaodira. Poyamba ndinkaseka."

Mkulu anakumbukira kachipinda kake kaunyamata, kopanda ngakhale loko, ndi bambo ake ataima kunja, akugogoda, kudikira kuti mwana wa zaka khumi awalole kulowa m'nyumba yawo yomwe.

Kalipentala ananyamula chikwama, nalowera kumene kunatsala makapu anayi. Mkulu anadikira mpaka mlamu wakeyo atabisika ndi mitengo. Kenako anagwada m'matope ndi thalauza lake lakuofesi, nagwira chipika chimene anagubuduza chija ndi manja awiri, nachitembenuza mpaka chinakhala m'malo mwake.

"Pepani," anatero.