Pamene Achemwali Anataya

Lonjezo ndinalichita mu 1972, waya waminga uli pakati pathu, achemwali Palmira mkati, ine kunja.

"Olímpio," anatero, "pamene ndinataya ine, iwe usadzatayepo."

Ndinati sindidzatayapo. Anagwira chala changa kudzera m'wayamo mpaka msilikali wa pachipata anatsokomola.

Kwathu timataya zinyalala, timatayanso mwana wobadwa wosalira. Mwana wotero saikidwa, amatayidwa. Sapatsidwa dzina, salilidwa maliro, ndipo mwamuna sauzidwa pamene wagona. Ndayenda m'mayiko a eni, ndawerenga mabuku awo mpaka maso kufuna magalasi, koma sindinakumane ndi mtundu wina wosunga zinthu ziwirizi m'mawu amodzi.

Achemwali anabereka mwana wawo woyamba sabata imene matropa, asilikali a Apwitikizi, ankatisamutsa. Kumanda anali atatseka njira. Ndiye amayi ndi azakhali anakumba padzala, kuseri kwa nyumba yathu, m'tsinde mwa chulu, pamene tinkathira phulusa ndi makoko a mtedza. Mawa lake mudzi wonse unakwezedwa pa makamiyau, malole a asilikaliwo, kupita ku aldeyamentu, khola la anthu lija pafupi ndi Fíngoè.

Pabwinja pathu, m'mbali mwa msewu wa ku Chipera, panafika azungu ofufuza miyala ya golide. Anabwera ndi marulote, tinyumba toyera ta mateyala, natindanditsa pamene panali nkhokwe zathu. Ine ndinkadziwa Chipwitikizi cha ku mishoni, choncho anandipatsa udindo woyenera maphunziro anga: zinyalala.

Enjinyeru wawo, wofiira khosi, anali ndi malamulo amene ndimawakumbukira kuposa katekisimu. Mgolo pa rulote iliyonse, koma osati pansi pa zenera. Chivundikiro, ndi mwala pamwamba pake, chifukwa cha afisi. Dzenje likhale kumene mphepo ikupita, kutali ndi chitsime, kumunsi kwa madzi akumwa. Atanena izi anazungulira, nanyowetsa chala ndi malovu, naloza chulu chathu.

Achemwali anali atandiuza kale kuti mwana wagona pamenepo, ndipo pondiuzapo anaswa mwambo. Ndinamunamiza mzunguyo kuti kuno mphepo imatembenuka, kuti imene akumvayo ndi ya alendo, ya eni dziko ikubwera. Anakhulupirira. Tinakumba mbali ina, ndipo mpaka tsiku limene anathawa, azunguwo ankadya nyama yawo ya m'chitini akununkhiza ya dzulo.

Ufulu utabwera ananditumiza kusukulu ku Beira, kenako ku Jeremani. Anzanga anaphunzira kuyendetsa ndege ndi kung'amba anthu m'mimba. Ine ndinaphunzira zinyalala, ndi dipuloma yake. Ndinakalamba m'mizinda yoyera ngati mbale ya wansembe, kumene botolo lobiriwira lili ndi nyumba yake ndipo loyera lili ndi yake, pamene kwathu anthu analibe pogona. Nkhondo yachiwiri kwathu, ya pachiweniweni ija, ndinaimvera pa wailesi. Amayi anafera ku Zambia, ine ndikuyeza kuya kwa maenje a anthu ena.

Ndinabwerera mfuti zitangotonthola. Boma linkafuna munthu wokonza msasa wopumirapo anthu ochokera ku Zambia asanamwazikire kumidzi kwawo, ndipo malo amene anasankha anali pabwinja pathu pomwe, chifukwa chitsime cha azungu chija chinali chikadali ndi madzi.

Dziko linali litachepa. Ozula mabomba anadutsa, nasiya mzere wa miyala yopaka utoto: mkati mwa miyala yoyera yenda, kunja kwake usaponde. Mudzi wonse wa ubwana wanga, kupatula pabwinja pathupo, ndi madimba ake, ndi njira ya kumtsinje, zinatsala kunja. Ndinkaziona kuseri kwa miyalayo zikuvina m'dzuwa ngati zili pansi pa madzi. Rulote imodzi inalipobe, yopanda mateyala, mkuyu utatulukira pazenera. Masana, kutentha kukafika pa mutu, ndinkamva mitondo ikusinja kumene kunalibe nyumba.

Kapitawo wa okumba anali msuweni wanga Januário, amene sanachokepo m'dziko muno, ndipo sanalole kuti ndiiwale zimenezo.

"Wafika mkazi wanga wa ku Ulaya!" anafuula. "Taona mimba. Anthu amabwera ndi galimoto, iwe wabwera ndi mimba."

"Iwe ndakupeza ndi mano angati?"

"Okwanira kukuluma. Nanga watibweretsera chiyani, dotolo wa lisho, katswiri wa zinyalala?"

"Matenda," ndinatero, ndikuloza mahema amene ankatsitsidwa. Pa Chipwitikizi hema ndi tenda.

"Ehe! Anthu athawa nkhondo, iwe uwagoneke m'matenda. Sukulu imeneyo bwenzi atapita galu wanga."

Tinamanga mahema pakati, chifukwa pokhapo ndi pamene panali posalala. Zimbudzi zinatenga ngodya ya kumunsi. Ndinaika migolo, umodzi pa mzere uliwonse, wina pa khitchini, wina pa hema wa namwino, uliwonse ndi chivundikiro ndi mwala wake. Januário anayang'ana chitsime, nayang'ana kumene utsi ukupita, naponya khasu paphewa.

"Dzenje ndi pachulu paja," anatero.

"Dikira."

"Ndidikire chiyani? Ngakhale mbuzi ikuona kuti ndi paja."

"Ndikuwerenga mphepo."

"Mphepo imawerengedwa? Ili ndi masamba angati?"

Sindikanamuuza. Mwamuna sadziwa malo amenewo. Kunena kukanakhala kuvula achemwali pagulu, iwo ndi amayi amene anagona kale.

Achemwali anafika ndi kamiyau ya anthu a ku Ukwimi, msasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Ndinayembekeza mtsikana wa pa waya uja. Anatsika mayi wa imvi, wokhala ndi zidzukulu, atasenza chitseko. Chitseko chenicheni, chamatabwa, chimene anachokera nacho ku Zambia. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero, "mwanenepa ngati simunamve kanthu."

Tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, ndinawapeza pachulu. Padzala pakale panali patamera maungu okha okha, masamba aakulu ngati malichero, ndipo iwo ankathyola nkhwani pang'onopang'ono, akung'ung'udza.

"Mwasunga," anatero osatembenuka.

"Ndinasunga."

"Akanakhala wamkulu tsopano. Mwina wokwatiwa. Ndimamuona wamtali, wa khosi ngati la amayi." Anatsitsa mawu. "Ndinamutcha Glória. Musauze munthu."

Kuyambira tsiku limenelo nanenso ndinayamba kumuona. Sindinena za mzukwa. Ndine munthu wophunzira, ndili ndi pepala lake. Koma m'kati mwa masana, fumbi likaima m'mwamba osagwa, pankadutsa mtsikana wamtali pakati pa mahema, chidebe pamutu, osachigwira. Ankayenda mosapupuluma ngati munthu wa pamudzi pake. Ankadumpha miyala yoyera, natsika njira ya kumtsinje imene ife sitikanaponda, udzu osagwedezeka. Ndikaphethira, pankatsala mkazi wa munthu wina ndi chidebe cha wina.

Migolo inadzaza. Anthu osauka amati alibe zotaya, koma msasa uli nazo: zitini za sardinya, matumba a ufa, nsanza, matumbo a nkhuku, mabandeji. Ndinayesa kutentha m'migolo momwemo. Mvula yoyamba inagwa, zonse zinasanduka phala lofuka. Ndinapempha kamiyau kuti izikataya kutali. Woyendetsa anandifunsa kuti kutali kwake nkuti, poti m'mbali mwa msewu simuponda tayala. Ndinatumiza mawu kwa ozula mabomba kuti atiwonjezere malo pang'ono. Anali atapita njira ya ku Chiputo, ndipo mitsinje inali itadzaza kumbuyo kwawo.

Ndinayamba kusuntha migolo. Lero uwu kuno, mawa uko, ngati munthu wosewera bawo yekha. Ntchentche zinkanditsatira mokhulupirika.

"Msuweni," anatero Januário, "ku Jeremani zinyalala amaziyendetsa mpaka zitatopa?"

Ndinapitiriza kugubuduza mgolo.

"Kapena pachulu paja unakwirirapo golide wa azungu? Nena, tigawane. Ndine mwamuna wako ine."

Amene sanaseke anali namwino, mayi Zeferina. Anandiitanira m'hema wake. Pamphasa panagona ana, maso atalowa, amayi awo akuwakupiza ndi makatoni. Mmodzi anali mdzukulu wa achemwali.

"Bambo Olímpio, mukuona?"

"Ndikuona."

"Ayi, simukuona, mukuyang'ana. Ntchentche ikuchoka pa mgolo wanu ikutera pakamwa pa mwana uyu. Mvula ikagwanso, madzi a m'migolo apita kuchitsime. Dzenje lili kuti?"

"Malo ake ndi ovuta."

"Avuta chiyani? Pali bomba?"

"Palibe."

"Ndiye pali chiyani?"

Ndinayang'ana denga la hema. Dzuwa linkalowa m'nsalumo, lobiriwira, ngati tonse tili m'mimba mwa tsamba.

Ndinapita kwa achemwali madzulo ake. Anali pachulu, atayala chitseko chawo pansi, atakhalapo, mwendo pa mwendo. Ndinakhala pa udzu. Ndinawafotokozera za mphepo, za chitsime, za miyala yoyera. Ndinalankhula bwino, monga ndinkalankhulira m'maholo a ku Ulaya. Ndinkafuna anene okha, andimasule.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Amuna anga ali m'manda ku Ukwimi," anatero. "Amayi ali ku Ukwimi. Atate sitidziwa. Ana anga aamuna awiri, mmodzi anatengedwa ndi asilikali awa, wina ndi awo. Onsewo ndilibe poti ndingakhale nkunena kuti ali apa. Uyu yekha."

"Achemwali, mdzukulu wanu akudwala."

"Ndikudziwa. Ndine ndachapa nsanza zake."

"Ndiye nditani?"

"Inu ndi amene munapita kusukulu, achimwene."

Anathyola tsamba la dzungu, nalisenda ulusi wake kuyambira kuphesi, mosamala, naliika m'lichero. Kutsidya kwa miyala nkhanga zinkaitana m'munda wa atate. Ndinaganiza za enjinyeru uja ndi chala chake chonyowa. Iye anali wosavuta: mlendo umamunamiza za mphepo. Apa aliyense anabadwira m'mphepo imeneyi.

"Mawa ndipita ku Fíngoè," anatero achemwali. "Akuti akupereka mbewu ndi makasu. Ndikagona konko kwa apongozi, ndibwera mkuja." Anaimirira, nakweza chitseko, nachisenza. "Mundisungire ndiwozi zisadyedwe ndi mbuzi."

Kamiyau inanyamuka kutacha, kunja kuli nkhungu. Ndinawaona atakhala pamwamba pa matumba, nsalu kumutu, akuchepa, mpaka msewu unakhota. Nkhungu inakhalitsa m'mawa umenewo. Mahema ankaoneka ngati akuyandama, ndipo m'hema wa namwino mwana wina ankalira ndi mawu otha.

Januário anali atakhala pa mgolo, akusuta fodya.

"Lero tiziyendetsa kupita kuti, dotolo?"

"Itana anthu ako," ndinatero. "Abwere ndi makasu ndi mafosholo."

Tinazula maungu, tinakumba m'tsinde mwa chulu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titakhuthuliramo migolo yonse.