Sopo wa Ngodya Zitatu

Edna analowa pakhomo ali ndwii, naponya chikwama cha mabuku pabedi. Mwamuna wake Chabwera, kalipentala wa ku Chawama, anali pakhonde akupala mwendo wa mpando. Anadabwa kuona mkaziyo akudutsa osapereka moni.

"Bamake Given, lero sukulu yakulumani?"

"Nasiya. Sinizabwererako futi."

Edna anali mayi wa ana atatu. Sukulu anaisiya kalekale atatenga mimba ya Given, koma chaka chimenecho anabwerera ku makalasi a masana kuti alembenso mayeso, poti mtima wake unali pa unamwino. Tsikulo aphunzitsi anamuitana kubolodi kuti ajambule pulizimu ya ngodya zitatu, asonyezenso nkhope imene imaoneka ukaidula pakati. Iye anajambula chinthu chonga khola la nkhuku logwa ndi mphepo. Atsikana a kumbuyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Tuana twamene ningabereke ine, kuniseka so!" anatero atatulukira pakhonde, akupukuta m'maso ndi chitenje.

Chabwera anaika pansi chopalira chake. "Nanga iyo pulizimu ni nyama yabwanji?"

"Bakamba ati ni chinthu chamene kumutu na kumapeto vilingana. Ukadula paliponse mowongoka, nkhope ni imozimozi. Mau nawadziwa, koma m'mutu sivioneka."

Chabwera anakanda m'mutu. Iye sukulu sanapite nayo patali, ndipo masamu a m'buku ankawaopa ngati njoka. Koma misozi ya mkazi wake ankaiopa koposa. Analowa m'nyumba natuluka ndi mpeni komanso mitanda ya sopo imene Edna anakaoda ku msika wa Kamwala kuti azigulitsa pathebulo lake la kumsewu. Anadula mtanda umodzi kumutu, nadulanso pakati, n'kuyang'anitsa zidutswazo.

"Monga so? Onani, nkhope vilingana."

"Iyo ni ya ngodya zinayi, batate ba Given. Yanga ni ya zitatu."

"Dekhani, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anatenga mtanda wina, nausenda mosamala m'litali mwake kuchokera pangodya ina kukafika pa inzake, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Woyamba unaphwanyika. Wachiwiri unakhota. Wachitatu unatuluka bwino, wooneka ngati denga la nyumba.

Edna anamulanda mpeniwo. Anadula kumutu: ngodya zitatu. Anadula pakati: ngodya zitatu zomwezo, osakula osachepa. Kenaka anapendeketsa mpeni nadula chopingasa, ndipo nkhope inatuluka yotalika. Anaiyang'anitsitsa.

"Ndiye chifukwa chake bakamba ati mowongoka!" anafuula. Anasanjikiza tizidutswa tija kamodzi pamwamba pa kanzake mpaka mtanda unabwerera. "Onani! Ukadziwa kukula kwa nkhope imozi, uchulukitsa na utali, basi wapeza sopo yonse ili mukati. Mwamvera?"

"Namvera," anayankha Chabwera, nkhope ikuonetseratu kuti sanamve kanthu.

"Bodza!"

"Inu mwamvera, ndiye kuti nyumba yonse yamvera."

Edna anaseka koyamba tsiku limenelo, nayamba kujambula pansi ndi khala, diso lili pa sopo. Ulendo uno khola la nkhuku silinatuluke. Ataweramuka m'pamene anaona zimene zinali pamphasa: zidutswa zokhazokha, mtanda wathunthu palibe ngakhale umodzi.

"Mayo ine! Sopo yanga ya malonda! Nanga nizagulitsa chani?"

"Walira mvula walira matope," anatero Chabwera akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, maso ali pa mpeni umene unali m'manja mwa mkazi wake. "Unesi ukabwera muzanisambika nayo nikakalamba."

Mawa lake masana Chabwera ndiye anakhala pathebulo la kumsewu, akuuza aliyense wodutsa kuti sopo wa ngodya zitatu amachita thovu kuposa winayo. Amayi a pamsewupo ankangomuseka, n'kugula tomato yekha.

Edna panthawiyo anali atatsika kale minibasi. Analowa m'kalasi manja akununkhirabe sopo, nadutsa atsikana aja osawayang'ana, n'kukakhala pabenchi yakutsogolo penipeni.