Pumbwa wa Kuseri kwa Bafa

"Zimitsa foniyo," anatero bambo, maso ali chitsinzinire. "Ameneyo ndi wa kuseri kwa bafa lako."

Ndinali nditawanamiza kuti mnzanga wina wandijambulira pumbwa wa kwathu. Zoona zake, ndinamujambula ndekha m'mawa womwewo, ndisanathamangire kuntchito.

Chiwatengereni kuti adzakhale nane m'tauni, dzanja ndi mwendo zitafa, sanadandaulepo za mankhwala kapena kuchepa kwa chipinda. Mlandu wawo unali mbalame basi. Ankakhala pampando wa pawindo tsiku lonse, khutu lili panja.

"Pumbwa ndi pumbwa, bambo," ndinatero.

"Iwe, anthu a kuno amalankhula ngati ife? Wa kwathu amakwera katatu, n'kutsetsereka pomaliza. Wa kunoyu amadula mawu ngati kondakitala wa basi."

Anafuna kundisonyeza ndi mluzu, monga ankachitira kale akamapala matabwa. Milomo yopotoka ija inangotulutsa mpweya. Ndinayang'ana kumbali.

"Ndiperekeze kwathu, mayi wanga. Ndikangomumva kamodzi, tibwerako."

"Tipita ndikapeza tchuthi."

"Unatero mwezi wathawu."

Tchuthi ndinachipezadi, koma chinali cha maliro. Kwathu anapita ali m'bokosi.

M'mawa wotsatira titawaika, ndinakaima pashedi pawo pakale. Benchi yopalira inali itadyedwa ndi chiswe. Ndipo mumtengo wa pambali pake china chinaimba. Chinakwera kamodzi, kawiri, katatu, kenako chinatsetsereka pang'onopang'ono ngati munthu wosafuna kutsanzika. Ndinakulira pansi pa mtengo umenewo, koma ndinali ndisanamvepo. Ndinatulutsa foni.

"Ukujambulira ndani?" anandifunsa mchimwene wanga, amene anali atanditsatira.

Ndinangopitiriza kujambula.

Nditabwerera m'tauni, ndinatsegula windo lija, n'kuika foni pampando wawo, pamene pilo anali adakali ndi dzenje la msana wawo. Nyimbo ya kwathu inatuluka. Posakhalitsa pumbwa wa kuseri kwa bafa anatera pawaya wa zovala. Anapendeketsa mutu, kusuzumira m'chipinda kuti aone mlendoyo. Anaimba yake yodukiza ija, n'kudikira.

Foni inakweranso katatu, n'kutsetsereka.

Mbalame ija inagwedeza nthenga, n'kuuluka. Waya anatsala akugwedera yekha, ndipo pampando paja nyimbo inapitirira kuitana.