Babatoni wa a Venansio Ali M'galasi

Ndirande yonse ikunong'onezana kuti a Venansio, aja oimba mu bandi ya a Hawkins, anagulitsa agogo awo ku miziyamu. Bodza limenelo, agogowo ali phee kumanda ku Nsanje. Nkhani yake ndi iyi, koma musakanene kuti mwamva kwa ine.

Babatoni mumamudziwa, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chija. A Venansio anakhoma wawo chaka chathachi: bokosi la tiyi, chikopa cha mbuzi ndi waya wa m'tayala. Akayamba kumuliza, ndum ndum ndum, makanda a mzere wonse ankadzuka. Akazi awo, a Bernadeta, anamuponya kukhitchini. Utsi unamudetsa bii, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Tsiku lina kunabwera abambo a tayi a ku miziyamu, akufunafuna zinthu zamakedzana zoti anthu azikaona. A Venansio anali kuntchito. A Bernadeta anatulutsa babatoni uja, n'kupukutako zitosi.

"Uyu ngwa agogo a amuna anga, a Januario. Ankaimbira mafumu, azungu asanabwere. Tengani, ndipo musavutike kubweza."

A Venansio atamva, sanadye. Loweruka kunali ukwati ku Bangwe, ndipo a Hawkins sanabise mawu.

"Achimwene, mukabwera chimanjamanja, malo anu ndimupatsa Malizani. Bandi si tchalitchi, sitikhululuka."

Lachisanu anavala jekete, khadi lachipani m'thumba poti popanda ilo basi sukwera, ulendo wa ku miziyamu. Njira yonse ankayeseza kukalipa.

Atalowa, mawu onse anathawa. Babatoni wawo anali m'galasi, pansalu yofiira, getsi likumuwalira pamwamba ngati bishopu. Ana asukulu anali ndandanda, manja kumbuyo. Abambo a tayi aja atamva dzina lawo anasangalala.

"Ana inu, mdzukulu wa gogo Januario ndi ameneyu."

Anawo anawomba m'manja. Tsono mudziwe kuti a Venansio chiyambireni kuimba anali asanawomberedwepo m'manja. M'mabala anthu amawombera a Hawkins. A Venansio amawakhazika kumbuyo, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi.

Kamtsikana kena kamaso akuthwa kanakweza dzanja.

"Bambo, nanga wayayu? Kalelo kunali matayala?"

Apa ndiye panali pake. Akanangonena kuti tayalalo analitola okha kuseri kwa msika, akanatuluka ndi bokosi lawo pamutu, mawa lake n'kukaimba ku Bangwe. Anayang'ana babatoni, anayang'ana ana aja, anakonza kolala.

"Agogo anga anali munthu woyenda, mwanawe."

Basi, pakamwa panatseguka. Akuti gogo Januario akaliza, ng'ona zinkatuluka m'Shire kudzamvera. Akuti mfumu ina inawapatsa mwana wake wamkazi, iwo n'kukana poti anali otanganidwa. Januario yemweyo, amene a Bernadeta amati ngakhale pa Misa ankangogwedeza milomo.

Ku Bangwe anakaimba Malizani. A Hawkins anamva chisoni, n'kuuza a Venansio kuti akhome babatoni wina, mabokosi a tiyi sanathe. A Venansio anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mdzukulu wa Januario saimbira zidakwa."

Pano ali pakhomo, zala zikuwayabwa, akugogoda patebulo mpaka a Bernadeta awayang'ane. Nanga mukanakhala inu, mukanasenza bokosi lanu kapena mukanasunga agogo atsopanowo?