Makina a Mzere

Anthu ankamutcha Changu, ndipo sankamunamizira. Ankadya ataimirira, ankayankha funso lisanathe. Ntchito yake inali yoyendetsa lole, ndipo chilichonse pamoyo ankachiona ngati katundu wofunika kutsitsa msanga.

Bambo ake anali okonza makina osokera. Zaka makumi anayi anagwira ntchito m'kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, mpaka matenda ofa ziwalo atawagwira mbali ya kumanja. Patapita miyezi itatu, mwini nyumba anati akufuna chipinda chake. Mkuluyo anapempha kuti amunyamulire komweko. Atakhala pampando, choko chili kudzanja lamanzere, analemba makina onse akufa amene anaunjikana mpaka pawindo: ena mzere umodzi, ena mtanda.

"Amtandawo upereke kwa ogula zitsulo, anatha basi," anatero, mawu akutuluka mokoka. "Amzerewo ubwere nawo kunyumba. M'kati mwake muli zamoyo."

"Ndamva, bambo," anatero Changu, maso ali pafoni.

Anamvadi, tisamupatse ugonthi umene alibe. Koma Loweruka atatsegula chitseko n'kuona dzimbiri, fumbi ndi zitosi za makoswe, anaganiza za nyumba yake ya zipinda ziwiri, momwe munali kale mkazi, ana atatu ndi wodwala. Makina osasoka ndi osasoka basi, kaya ali ndi mzere kaya mtanda. Komanso munthu wolephera kumanga batani la malaya ake, sikuluwu adzamasula bwanji? Anakweza zonse m'lole ulendo umodzi, n'kukakhuthula pa sikelo ya wogula zitsulo zakutha. Dzuwa lisanafike paliwombo anali atabweza kale kiyi.

Kunyumba anati katundu wasungitsa kwa mnzake. Bodzalo linayenda bwinobwino mpaka Lachinayi m'mawa, pamene mkazi wake anamutsatira pakhomo.

"Bambo akuti lero mubweretse makina aja. Telala wa pakona uja chitsulo chozunguza ulusi chathyoka, ndiye amulonjeza kuti amupezera."

"Amulonjeza? Ndi dzanja liti?"

"Inu, adokotala aja anati dzanjalo likufuna ntchito. Simukuona kuti ayamba kugwira okha supuni?"

Sanaone. Akanaona bwanji munthu wodya ataimirira, nkhope ili kukhomo?

Anathamangira kwa wogula zitsulo, koma kuthamanga si kufika. Mwini malo, bambo wamfupi wovala magolovesi ong'ambika, anamukumbukira.

"Amtanda aja tinaswa ndi nyundo, anapita dzulo kokasungunula," anatero.

"Nanga enawo?"

"Enawo? Achimwene, ife kuno timasiyanitsa. Chakutha timaponya pa sikelo, chopulumuka timachigwira ndi sipanala. Ndinatsegula amodzi, ndinapeza m'kati muli mafuta, tizitsulo tonse tikuwala, tina titakulungidwa m'kansalu. Ndinawaika pambali. Okonza makina atamva anachita kulimbirana, masiku awiri okha onse psiti." Anapukusa mutu mosirira. "Amene analemba choko chija ankaidziwa ntchito yake. Sanaphonye ndi amodzi omwe. Anamwalira liti?"



"Ali moyo," anatero Changu. "Ndi bambo anga."

Mwini malo uja anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Bola akanamutukwana. Kenako analowa m'kashedi n'kutuluka ndi makina amodzi a mzere, gudumu lake losweka, amene okonza aja anawasiya.

"Tengani. Pitani nawo."

Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake, Changu anayendetsa lole pang'onopang'ono. Njira yonse ankakonza mabodza: mnzake wachoka ndi kiyi, kwalowa akuba, denga linadontha. Lililonse linkamveka bwino mpaka akaliyerekeza kulinena pamaso pa mkulu uja. Manyazi anamugwira, ndipo chomupweteka kwambiri sichinali makinawo ayi. Chinali chakuti munthu wachilendo, wongokhalira kuswa zitsulo, analemekeza choko cha bambo ake kuposa mwana wawo womubereka okha.

Atafika anapeza pakhonde pasintha. Tebulo lodyera analitulutsa panja n'kuliyala nyuzipepala. Pamwamba pake panali masikuludiraiva atandandalikidwa kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, kabotolo ka mafuta ndi mbale yoikamo masikuluwu. Bambo ake anakhala kuseri kwa tebulolo atavala ovolosi yawo yabuluu, mabatani onse omanga.

"Amanga okha," mkazi wake ananong'ona monyadira. "Ola lathunthu, koma akana kuti ndiwathandize."

Changu anaika makina aja patebulo. Mkuluyo anawasisita ndi dzanja lodwala lija, nkhope ikumwetulira mbali imodzi.

"Awa ndikuwadziwa. Koma cha telala chija chili mwa ena, akuda aja. Enawo ali m'lole?"

"Ayi, bambo."

"Ubwerera ulendo wachiwiri?"

Mabodza onse aja anathawa. Changu anagwada pansi, maso ali pa simenti.

"Kulibe ulendo wachiwiri, bambo. Ndinapereka onse ku sikelo, amzere ndi amtanda omwe. Ndinkaona ngati simudzagwiranso ntchito."

Mkuluyo sanakalipe. Anayang'ana masikuludiraiva aja, kenako dzanja lake lamanja, nthawi yaitali ngati akuliona koyamba.

"Apongozi," anatero kwa mkazi wa Changu, "mukauze telala uja asadikire."

Kenako anayamba kumasula batani lapamwamba la ovolosi. Linkapulumuka m'zala, akaligwira lipulumukenso. Changu anatambasula dzanja kuti athandize.

"Usandigwire," anatero bambo ake. "Ndimaliza ndekha."

Ndipo Changu anakhalabe chogwada, akudikira.